Njere za tsabola wakale

Sutikesi ija ikanakhalabe kudenga mpaka lero pakadapanda chiswe. Mvula ya ku Tukombo siidziwa kunyengerera. Ikangoyamba, zovala zimachita chuku, machesi amakana kuyaka, mchere umasungunuka wokha m'botolo, ndipo chiswe chimayenda m'nyumba ngati chinalipira msonkho. M'mawa wina atsibweni anaona kanjira kadothi katakwera khoma, kakulunjika pamtanda pomwe panagona sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo pochoka ku Joni. Anandiitana kuti ndiitsitse, poti msana wawo masiku ano sugwirizana ndi makwerero.

Munali jekete laubweya limene kunyanja kuno silivalika, pasipoti yotha ntchito, makalata omanga ndi mphira, ndipo pansi penipeni mulu wa magazini achingerezi opanda zikuto. Monga amuna ambiri a chigawo chino, atsibweni anathera mphamvu zawo kuphika m'nyumba za azungu kummwera. Magaziniwo anali a mwana wa abwana awo. Mwanayo atakula n'kuchoka pakhomo, adona anati akatayidwe kudzala, koma munthu amene anaphunzira kulemba pasileti sataya pepala. Anawanyamula mpaka kuno. Zikuto zinakutira makope a ana, masamba azithunzi anamatidwa pakhoma, ena anakulungira zitumbuwa za akazi awo pamsewu wa M5. Anatsala ndi masamba amene aliyense ankawaona kuti alibe ntchito: mizere yokhayokha ya manambala ndi mawu oduka, tizilembo tating'onoting'ono ngati linthumbu lili pa ulendo.

"Atsibweni, awa mundipatse," ndinatero.

"Ukatani nawo?" Anatola tsamba limodzi, kulitembenuza, n'kuliponya pamulu. "Tsabola wakale sawawa, mphwanga. Makina ake anafa kalekale."

Mwambi umenewu nthawi zambiri umatuluka pakamwa pa achinyamata, akafuna kukhalitsa chete nkhalamba imene yayamba zoti ife kale tinkatere. Kuumva kwa munthu waimvi, akunyoza katundu amene iye mwini anamusenza kudutsa malire atatu, kunandikhala pamtima. Komanso sankanama. Makina akewo anafadi. Kampani zimene zinkawapanga zinagulitsidwa kapena kugwa, ndipo ana amene ankawasewera lero ali ndi zidzukulu.

Mizere ija inali masewera. Sindikunena nkhani zokamba za masewera, ndikunena masewerawo enieni, olembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa BASIC, chimene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anakonza ku Dartmouth College ku America mu 1964 kuti wophunzira wamba azitha kulamula makina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makompyuta ang'onoang'ono atayamba kulowa m'nyumba za anthu ku Britain ndi ku America, kunalibe intaneti yoti n'kutengapo kanthu. Magazini ngati Sinclair User, Your Computer ndi Compute! ankasindikiza pulogalamu yonse, mzere ndi mzere, ndipo wogula ankakhala pansi n'kuitayipa yekha. Mzere uliwonse unali ndi nambala yake, 10, 20, 30, kulumpha dala kuti ukaiwala kanthu udzakalowetse pa 15 kapena 25, monga mlimi amasiyira mpata wa nyemba pakati pa mapando a chimanga. Ukamaliza unkalamula kuti RUN. Zikayenda bwino, pa kanema pankatuluka kachombo, kanjoka kapena kamunthu kothawa mizukwa.

Makinawo anali osauka koopsa. ZX81, imene kampani ya Clive Sinclair inatulutsa mu 1981, inkasunga m'mutu mwake zilembo 1,024 zokha. Koma munthu wina, David Horne, anapanikiza masewera a tchesi m'malo a zilembo 672, ngakhale kuti malamulo ena a tchesi anawasiya panja. Malo amenewo ndi mauthenga apafoni anayi ndi kachidutswa. Umphawi wa makina ndi umene unachititsa kuti masewera akwane pamasamba awiri kapena atatu, ndipo kukwana pamasambako ndi kumene kwawapulumutsa.

Mutu wa makinawo unalinso ngati sileti ya atsibweni: ukathimitsa magetsi, zonse zafufutika. Wofuna kusunga ntchito yake ankailowetsa m'kaseti wamba, yomweyi tinkamverera nyimbo, ndipo ukaiika m'wailesi inkangolira mokwiyitsa ngati nyenje zapsa mtima. Pa ZX Spectrum, imene inabwera mu 1982, masewera aakulu ankatenga mphindi ngati zisanu kuti achoke m'kaseti n'kulowa m'makina, ndipo tepi ikangopindika pang'ono munthu ankayambiranso. Ku Yugoslavia, wailesi ya Beograd 202 inkaulutsa kulira kumeneku mu pulogalamu ya Ventilator 202, omvera n'kumajambula pamakaseti awo kunyumba. Kumeneko ngakhale kompyuta yeniyeniyo, Galaksija ya Voja Antonić, inafalitsidwa ngati mapulani a m'magazini kumapeto kwa 1983, ndipo anthu masauzande anaimanga okha ndi manja.

Ndisaname, ine sindinakule nazo zimenezi, ndipo sindifuna kubwereka misozi ya eni ake. Makina aja ankafuna magetsi komanso kanema yolumikizapo, pomwe dziko lathu linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Mwana wa ku Tukombo, Kande kapena Chintheche wa m'zaka zimenezo ankapanga galimoto yawaya, mpira wamapepala, ndi kukumba timaenje ta bawo pamchenga. Masewera a m'makina anatifika mochedwa, ndipo ambiri a ife tinawadziwira pa kanjoka ka m'foni za Nokia, kamene kanayamba mu 1997, kodya kadontho n'kumatalika mpaka kudziluma kokha. Koma kanjoka kameneko kanali ndi makolo. Abale ake ankatayipidwa kuchokera m'magazini zaka zambiri Nokia isanakaike m'thumba mwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti ka m'foni kanabwera katatsekeredwa, sukanatha kukasegula pamimba kuti uone chimene chikukayendetsa. Ka m'magazini kanabwera matumbo ali panja.

Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo kutayipa kunali ntchito yotero. Wina ankawerenga mokweza chala chili pamzere, wina n'kumabaya mabatani. Choopsa kwambiri chinali mizere yotchedwa DATA, manambala okhaokha mazanamazana olekanitsidwa ndi timipumiro, opanda tanthauzo lililonse kwa maso a munthu. Kulakwitsa nambala imodzi mwa imeneyi kunali kokwanira kuti makina aume gwa, ntchito ya usiku wonse n'kupita. Pa ZX81 panali tsoka linanso: kabokosi kowonjezera mutu kamene ankalumikiza kumbuyo kankagwedera, moti kungogunda tebulo ndi bondo zonse zinkafufutika. Ndipo nthawi zina wolakwa sanali wotayipa. Magazini enieniwo ankasindikiza zolakwika, n'kudzapepesa mwezi wotsatira m'kabokosi kapakona, mwana atatha kale masabata anayi akudzida yekha.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pulogalamu inkachoka kwa woilemba, kupita kwa mkonzi, kwa osindikiza, kwa wowerenga mokweza, kwa wotayipa, ndipo pakhomo lililonse pankatha kugwa chilembo. N'chifukwa chake mu 1983 a Compute!'s Gazette anayamba kuika kanambala kamboni pambali pa mzere uliwonse. Ukatayipa mzerewo, kapulogalamu kena kankawerengetsa zilembo zako n'kukuonetsa nambala yake, ndipo ikasiyana ndi ya m'magazini unkadziwa kuti waphonya pomwepo. Ndikaganiza za kanambala kameneka ndimakumbukira ankhoswe, amene amapita awiri ku mlandu kuti wina akasokoneza mawu, mnzake amukoke malaya.

Ife kukopera sitikuphunzira lero. Chiyambire pamene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe mu 1881, ana a m'mbali mwa nyanja ino akhala akukopera: pasileti, pamchenga, m'makope, kuchokera pabolodi pomwe buku lili limodzi m'manja mwa aphunzitsi. Lowani m'kwaya iliyonse ya CCAP mupeza kope lothimbirira lodzaza d, r, m, f, s, timadontho ndi timizere. Nalonso ndi pulogalamu, kungoti makina ake ndi mmero wa munthu. Wolowa kumene amabwereka kope la mnzake n'kukopera, ndipo akaphonya noti imodzi, pakapita zaka mpingo wonse umaimba mophonya momwemo, n'kumati ndi kaimbidwe kathu. Bawo nayenso amakhululuka. Maenje 32 ndi njere 64 n'zomwezo, koma katakatidwe ka m'mudzi uno kamatha kusiyana pang'ono ndi ka kutsidya kwa Dwambazi, ndipo masewera amapitirira. Kompyuta yokha ndi imene ilibe chisoni. Kwa iyo 0 ndi O si pachibale.

Chodabwitsa n'chakuti pa zonse zimene ankasungirapo masewerawa, chonyozeka kwambiri ndi chimene chapirira. Makaseti ambiri anamatana, ena anafufutika, madisiki anachita chuku, ndipo ngakhale amene ali bwino amafuna makina owerengera amene akusowa chaka ndi chaka. Pepala limangofuna maso. Angerezi anaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Mu 1986, pokumbukira zaka 900 za buku la kalembera lotchedwa Domesday Book, BBC inasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi nkhani za moyo wa dziko lonse, mothandizidwa ndi anthu pafupifupi miliyoni, ambiri a iwo ana asukulu, n'kuziika pa madisiki onyezimira amakono a nthawiyo. Pofika 2002 makina owerengera madisikiwo anali atatsala owerengeka, moti akatswiri a mayunivesite a Leeds ndi Michigan anachita kuvutikira kuti zomwe zinalimo zionekenso. Buku la 1086 lija, lolembedwa ndi dzanja pazikopa, likuwerengekabe ku Kew.

Sindikuti pepala silifa. Amene amatero sanakhalepo kunyanja dzinja lonse. Pa magazini a atsibweni, atatu apansi anali atasanduka dothi, ndipo nditawanyamula anangoyoyoka m'manja. Koma pepala limafa poyera, ukuliona, ndipo limakupatsa nthawi. Likadyedwa pakona, pakati pamawerengekabe. Disiki imafa mwakachetechete ikunyezimirabe.

Lero kuli anthu, ambiri a iwo ana aja amene tsopano ali ndi dazi, amene amathera madzulo awo kupulumutsa masewera amenewa. Magazini ochuluka anajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa ku Internet Archive, nkhokwe imene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996. Makina akufawo anaukitsidwa mwa njira ina: pali mapulogalamu, monga Fuse woyerekeza Spectrum ndi VICE woyerekeza Commodore 64, amene amachititsa kompyuta yamakono kukhala ngati gogo wakeyo. Koma chithunzi cha tsamba si masewera. Makina owerenga zilembo pazithunzi amasokonezeka ndi tizilembo tamadonthomadontho tija, amatenga 1 ngati l, 8 ngati B, ndipo tizizindikiro tojambulira zithunzi satidziwa n'komwe. Motero munthu amakhalabe pansi, chala pamzere, kutayipa ndi kukonza monga momwe zinalili zaka makumi anayi zapitazo. Akapeza cholakwa cha osindikiza amaima pamphambano: akonze, kapena asiye momwe zinatulukira? Osamala amasunga zonse ziwiri, cholakwacho ndi chokonzacho, poti cholakwacho nachonso ndi mbiri. Chimanena zimene mwana wa 1984 anakumana nazo usiku uja.

Wina anganene kuti anthuwa akusowa chochita, ndipo ine ndinkaganiza chimodzimodzi. Koma kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa 2023 anapeza kuti masewera 87 pa 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakupezekanso pamsika. Awo ndi masewera a makampani, okhala ndi mabokosi ndi otsatsa malonda. Nanga kamasewera kolembedwa ndi mwana wasukulu kuchipinda kwake, kamene kanatuluka kamodzi kokha patsamba lamkati la magazini?

Masewera amene anandigwira mtima kwambiri pa onsewa alibe chithunzi ngakhale chimodzi. Dzina lake ndi Hamurabi. Muzu wake ndi The Sumerian Game ya 1964, imene nkhani yake inalembedwa ndi mphunzitsi wa pulayimale, Mabel Addis, kuti ana aphunzire kayendetsedwe ka chuma. Mu 1968 Doug Dyment analemba mtundu wake waufupi, kenako David Ahl anauika mu BASIC n'kuusindikiza m'buku la 101 BASIC Computer Games mu 1973. Iwe wosewera ndiwe mfumu kwa zaka khumi. Chaka chilichonse nduna imakuuza kuti anthu alipo angati, minda ndi yaikulu bwanji, m'nkhokwe mwatsala zingati, ndipo makoswe adya zingati. Kenako uyankhe: zingati udyetse anthu, zingati udzale, munda ugule kapena ugulitse. Ukadyetsa zonse, chaka chamawa ulibe mbewu. Ukaumira, anthu amafa ndi njala n'kukuchotsa paufumu. Ukasiya zambiri m'nkhokwe, makoswe amakuthokoza.

Mayi aliyense wa kuno angapambane masewera amenewa asanagwirepo kompyuta, poti funso lake ndi lomwe amayankha chaka ndi chaka poyang'ana nkhokwe, kapena posankha chinangwa choti azule ndi mitengo yoti asunge yodzala. Ndipo mbiri ya masewerawa inatsata lamulo la masewerawo. The Sumerian Game, imene inakhala m'makina aakulu a IBM osafalitsidwa, pulogalamu yake inatayika, kunangotsala mapepala osindikizidwa posewera ndi zithunzi zimene zikusungidwa ku The Strong, nyumba yosungira zamasewera ku Rochester. Hamurabi, amene anamwazidwa m'mabuku n'kutayipidwa ndi manja osawerengeka, wina kusintha apa, wina kuwonjezera apo, ali moyo mpaka lero m'zilankhulo zamakompyuta zimene pa nthawiyo kunalibe. Wosungidwa m'nkhokwe anadyedwa, wodzalidwa anabala.

Pamenepa m'pamene ndinayamba kukangana ndi mwambi wa atsibweni. Kukhitchini kwa akazi awo, pamwamba pa mafuwa, pamalendewera mkanda wa kambuzi wouma, wakuda ndi utsi. Wina wakhalapo nthawi yaitali moti fungo linatha, ndipo pa usipa wofutsa sangakomenso ngati wamuwisi. Koma mayiwo samutaya. Mvula ikayandikira amafikisa awiri atatu m'manja, n'kuwaza njerezo kuseri kwa bafa kumene madzi amayenderera, ndipo pakapita miyezi ana amakhala akulira atagwira m'maso. Mwambi unalawa khungu la tsabola, sunafunse za njere. Komanso njerezo zili ndi malire: zikakhala zaka zambiri osadzalidwa sizimera. Kuzimangirira padenga si kuzisunga, n'kungochedwetsa maliro. Amene amasungadi kambuzi ndi amene amamubwezera m'dothi, ndipo amene amasungadi masewera aja ndi amene amawadutsitsanso m'zala zake.

Apa ndiye pamandiwawa za kwathu. Tukombo si mudzi woti wina n'kuuphunzitsa kulemera kwa pepala. Aleke Banda, amene anaikidwa m'manda kuno mu 2010, anali mkonzi wa Malawi News pamene inkayamba mu 1959, ali mnyamata wa zaka 20, ndipo atatuluka m'ndende momwe anakhala zaka 12 osazengedwa mlandu, anayambitsa The Nation mu 1993. Koma ndi nyumba zingati zimene zingatulutse nyuzi ya chaka chimenecho, kapena Moni wakale, kapena Boma Lathu? Ku Zomba kuli National Archives, inde, koma sangasunge kope la kwaya la agogo anu, kapena malamulo a phada ndi fulaye monga ankaseweredwa pabwalo la sukulu yanu, kapena kaponyedwe ka mwendo ka gulu la malipenga limene anthu ake atsala awiri. Masiku ano timajambula zonse pafoni n'kumati tasunga. Foniyo ikagwera m'nyanja, kapena memori khadi ikangoti yafuna kufufutidwa, timapukusa mutu n'kugula ina. Tikuseka azungu adazi otayipa masewera a ana, pomwe ife tikumangirira tsabola padenga la nyumba yodontha.

Ndinaganiza zodzala kanjere kamodzi. Ndinali ndi laputopu, ndipo Fuse ndinali nditaika kale. Pakhomo pali sola yaing'ono imene imatchaja mafoni, ndipo tsiku limenelo dzuwa linayesetsa. Ndinasankha pulogalamu yaifupi kwambiri, mizere yosafika 30, ya kachombo koyenda pansi pa kanema kuwakha nyenyezi zogwa. Pakona yakumanja chiswe chinali chitalawapo. Wondiwerengera anali mdzukulu wa atsibweni, mtsikana wa Fomu 2, amene poyamba anabwera kudzangoona ngati mu laputopumo muli mafilimu.

Spectrum ili ndi khalidwe lake. Sutayipa mawu olamula chilembo ndi chilembo, ukabaya P pamatuluka PRINT yense, ndipo mawu ena amabisala kuseri kwa mabatani awiri kapena atatu. Mzere ukakhala wopindika, makina amaukana pomwepo, n'kuika chizindikiro chofunsa chophethira pamene pavuta. Tinatha ola lathunthu pa mizere khumi. Mtsikanayo ankawerenga ngati akuitana mayina m'kalasi, ine n'kumasakasaka mabatani thukuta lili kamukamu, kunja mbuzi zikulira. Titafika pa mzere 150 anaima.

"Ankolo, apa padyedwa."

Panatsala nambala ndi mawu awiri oyamba, kwinako kunali bowo. Ndinati basi, tasankha yolakwika, tiyambe ina. Iye sanayankhe. Chala chake chinabwerera pa mzere 140, umene unkati IF INKEY$="5" THEN LET x=x-1, ndipo anauwerenga kawiri chamumtima. Anafunsa kuti x ndi chiyani. Ndinati ndi pamene pali kachombo. Anafunsa kuti 5 amatani. Ndinamuonetsa kamuvi koloza kumanzere kamene kali pa batani limenelo pa chithunzi cha Spectrum. Anayang'ana mabatani enawo mpaka anapeza kamuvi koloza kumanja pa 8.

"Ndiye winawu ukhala wa 8, ndipo pakhala kuphatikiza. Chombo sichingamangopita mbali imodzi."

Mzere umene munthu wosadziwika analemba kutsidya kwa nyanja zamchere iye asanabadwe, umene chiswe cha ku Tukombo chinadya, anaubwezeretsa poyang'ana mnzake woyandikana naye, monga mmisiri woluka ukonde amadziwira kukula kwa diso long'ambika poona maso a m'mbali. Sindinamuuze kuti ntchito imeneyi ndi yomwe akatswiri a zolemba zakale amalandirira madigiri.

Titalamula RUN, makina anayankha kuti 2 Variable not found, n'kutchula mzere 30. Tinaunguza mpaka maso kuwawa. Anali ine: pamene panafunika 0 ndinabaya O. Titakonza, kanema inada, kenako pansi panaoneka kachombo, ndipo kanyenyezi kanayamba kutsika monyinyirika. Kunena zoona, masewerawo anali osakoma. Ochedwa, opanda nyimbo, ongoti pi ukawakha. Mtsikanayo anasewera kawiri n'kunena kuti a m'foni ya amayi ake amaposa pamenepa kutalitali. Khungu la tsabola linalidi litatha ukali, ndipo atsibweni, amene ankaonera ali pampando wandalema, anaseka mpaka kutsokomola.

Koma iye sanachoke. Anafunsa kuti kanyenyeziko kali pamzere uti. Ndinamuonetsa. Anakachotsa n'kuikapo chizindikiro china chooneka ngati kansomba. Mawu owerengera zigoli anawafufuta n'kulemba USIPA. Anapeza nambala imene inkachedwetsa kugwa, n'kuichepetsa, nsomba zinayamba kugwa ngati matalala, anakuwa, n'kuikwezanso pang'ono. Kachombo kanasanduka bwato. Pofika madzulo ana asanu anali ataunjikana pakhomo kulimbirana batani la 5 ndi la 8, ndipo ankakangana m'Chitonga ngati nsomba yophonyedwa iyenera kuchotsa chigoli kapena ayi. Mkanganowo unathera pa mzere watsopano, 175, umene m'magazini munalibe.

Kenako anakakamiza agogo awo. Atsibweni anapukuta manja pamalaya, kukhala pafupi, n'kuika chala chawo chokhuthala pa 8. Sanachichotse. Bwato linayenda kumanja, kudutsa nsomba zonse, kufika pamphepete pa kanema, ndipo masewera anaima ndi uthenga wakuti B Integer out of range. Kanema ya Spectrum ili ndi mipata 32 m'lifupi, ngati maenje a bawo, ndipo mzere wathu wobwezeretsa uja unalibe chotchinga pa mpata womaliza. N'kutheka kuti chotchingacho n'chimene chinali m'mimba mwa chiswe.

"Agogo, mwawolokera ku Mozambique!" anatero mtsikana uja.

"Bwato lopanda nangula," anatero atsibweni. "Amene analipanga sanaonepo mwera."

Laputopu inalira kuti batire latsala pang'ono, ndipo sola inali itagona kale ndi dzuwa. Ndinati ndisunge pulogalamuyo m'makina, koma mtsikanayo anali atathamangira kale m'nyumba. Anabwera ndi kope lake la masamu, kulitembenuza chakumapeto, n'kundiuza kuti ndilamule makina aonetse mizere yonse. Anayamba kukopera ndi cholembera chofiira, tochi ya foni ataluma pakamwa, ziro aliyense akumudula ndi kamzere pakati monga anaonera m'magazini. Kunyanja nyali za asodzi a usipa zinali zitayamba kuyaka, imodzi imodzi, mpaka zinafola ngati tauni yoyandama. Kanema inathima iye ali pa mzere 190.

Ndinamuuza kuti yotsalayo ili m'magazini, adzakopera mawa. Anati ya m'magazini ndi ya nyenyezi, yake ndi ya usipa, ndipo akuikumbukira. Anapitiriza kulemba mumdima, ndipo pa 155 anasiya mpata wa nangula.